Arubaini wa Amayi Ake a Nina

Hawa, tsiku la arubaini wa bambo anu, patatha masiku makumi anayi chimwalirireni, unandipeza ndikukazinga zitumbuwa zopyapyala ngati pepala, ndikuthirapo uchi, ndipo unandifunsa kuti, "Amayi, zimenezi munaziona kuti? Si zachiyao, si zachichewa." Sindinakuyankhe chifukwa anthu anali ambiri ndipo mtima wanga unali usanakhazikike. Tsopano miyezi yadutsa, m'nyumba muno muli zii, ndiye ndagula kope kuti ndikulembereni nonse atatu. Sukulu ndinalekera Sitandade 3, choncho kalembedweka musakaseke.

1972

Ntchito yanga yoyamba inali yochapa ndi kusita. Nthawi imeneyo azungu anabwera kudzakumba ngalande za madzi ku sikimu ya mpunga ku Chinguluwe, koma nyumba zawo anamanga kufupi ndi nyanja, mzere umodzi wa nyumba zisanu ndi imodzi. Antchito a m'nyumbazo tonse tinkalembedwa ndi ofesi ya pulojekiti, osati ndi eni nyumba. Ine anandiika kwa mkulu wa pulojekiti yonse, Mngelezi amene tinkamutcha Bwana Chipewa chifukwa chipewa sankavula ngakhale pakudya. Sanali munthu woipa. Yusufu, iwe utadwala malungo uli ndi zaka ziwiri, anali iyeyu amene anakunyamula pa galimoto yake kupita nawe kuchipatala. Koma anali wamantha. Kalata yochokera ku boma ikafika, ankatseka kaye chitseko asanaitsegule.

Mkazi wake, Dona Jeni, ndiye anandiphunzitsa kuphika buledi ndi kumva Chingelezi pang'ono. Mayi ameneyu ankamwetulira nthawi zonse. Pokuyamika ankamwetulira, pokukalipira ankamwetulira, ndipo tsiku limene anachotsa ntchito mlonda wina anamwetuliranso. Ife tinkangoganiza kuti azungu onse nkhope zawo ndi zotero.

1974

Chaka chimenechi kunabwera katswiri wa mapampu, Bwana Piti wa ku Holande, ndi mkazi wake a Nina. Mphekesera inafika iwo asanafike: mkaziyo ndi wa ku Rasha. Bwana Piti anapita kumeneko kukaika makina pa fakitale ina, nabwerako ndi mkazi, ndipo kuno mayiyo analowa ndi pasipoti ya dziko la mwamuna wake. Inu simungamvetse, koma masiku a chipani chimodzi dzina lakuti Rasha silinali lotchula mokweza. Munthu akanenedwa kuti ndi wachikomyunizimu, ankanyamulidwa, ndipo abale ake sankafunsa kumene wapita. Akhukhi aamuna onse anakana kukagwira ntchito m'nyumbamo. Dona Jeni anandiitana ine.

"Asiyatu, wakwezedwa, tsopano ndiwe khukhi," anatero akumwetulira. "Koma ukhale maso. Anthu a dziko limenelo saseka, sapemphera, ndipo aliyense ndi kazitape wa boma lawo."

Ndinapita kukagogoda. Anatsegula chitseko mayi wamtali, wa mapewa aakulu, atamanga duku ngati mayi wa kumudzi. Sanamwetulire. Anandiyang'ana kumaso, kenako kumapazi, nalowa m'nyumba, nabwera ndi patapata watsopano n'kundiikira pansi. Ndiye anandikokera ku tebulo la kukhitchini, nandiloza mpando, nandithirira tiyi. Ine pa tebulo la mzungu ndinali ndisanakhalepo. Ndinamwa tiyiyo nditakhala m'mphepete mwa mpando, ndikudikira kuti andifunse za boma. Anandifunsa dzina la anyezi m'Chichewa.

Masabata atatu anatha osaona mano awo. Tsiku lina pampu ya madzi itafa, tinapita limodzi kunyanja kukatunga, ndipo iwo anaumirira kuti asenze ndowa pamutu ngati ine. Anayenda mapazi anayi okha, madzi onse khuthu pamsana. Anakhala pansi mumchenga n'kuseka mpaka misozi, chiseko chachikulu ngati cha mwamuna, ndipo asodzi amene ankasoka ukonde pafupi anasekanso. Kuyambira tsikulo anandiletsa kuwatcha Dona. Chichewa atachidziwa, ndinawafunsa chifukwa chake sankaseka poyamba paja.

"Kwathu," anatero, "munthu akamakumwetulira asakukudziwa, timagwira chikwama. Kuseka timasungira anthu athu."

Azungu anzawo sankawamvetsa, ndipo mmene ndinkaonera ine, sankafunanso kuwamvetsa. Tsiku lina madona onse anabwera kudzamwa tiyi, ine ndikuperekera. Dona Jeni anati, "Nina, uyenera kuti ukusangalala kuti unathawa dziko loopsa lija."

"Sindinathawe. Ndinakwatiwa."

"Koma tiuze, anthu akwanu amawombera m'manja atsogoleri amene amawatsekera m'ndende. Ndiye kuti amazikonda zimenezo, eti?"

A Nina anangowawonjezera tiyi. Alendo atapita anatseka chitseko cha khitchini, natsegula wailesi, monga ankachitira nthawi zonse akafuna kuyankhula za mumtima.

"Asiyatu, akuluakulu a chipani akabwera pa bwalo, iwe umavina?"

"Ndimavina."

"Chifukwa chiyani?"

Ine ndinayang'ana kuchitseko.

"Basi, wayankha," anatero. "Iwo aja m'mitu mwawo muli mabokosi awiri okha. Ndikanena kuti boma la kwathu limazunza anthu, akufuna ndilavulirenso dziko langa. Ndikanena kuti ndakusowa kwathu, ndiye kuti ndine kazitape. Amayi anga si boma. Mtsinje umene ndinkasambamo ndili mwana si boma."

1975

Chaka chimenechi mchere ndi sopo zinasowa m'masitolo a kwathu kuno kwa miyezi ingapo. Madona ena ankatuma madalaivala ku Lilongwe. A Nina ayi. Ankayenda ndi kathumba ka ukonde m'chikwama, ndipo tikapita ku tauni, akangoona anthu ali pa mzere, ankathamanga kukaima kumbuyo. Ndinkawafunsa kuti, "Mukudziwa chimene akugulitsa?" Iwo ankati, "Uyambe waima, kufunsa pambuyo." Tsiku lina tinaima theka la ola pa mzere wa amayi a sikelo. Anali katswiri wa mzere. Ankadziwa kusungitsa malo, kupita kukaima pa mzere wina, n'kubwerera nthawi yake itakwana, ndipo munthu wolowerera ankamubweza ndi diso lokha. Amayi a pamsika anawazolowera mpaka ankawasungira malo okha. Dona Jeni atamva, anauza mwamuna wake kuti palibe mzungu angaime padzuwa chifukwa cha mchere, ndithu mayiyo akumvetsera zimene anthu akuyankhula. Mchere umene tinabwera nawo, Dona Jeni yemweyo anatumiza kapu kudzapempha.

1976

Mu Okutobala munafika telegalamu, itachedwa masabata atatu chifukwa inadzera ku Holande. Amayi ake a Nina anamwalira. Kupita sikunali kotheka, ndipo maliro anali ataikidwa kale. Sanalire pamaso pa anthu. Anatenga nsalu n'kuphimba akalilole onse m'nyumba, naika chithunzi cha amayi awo pa shelefu, nachikulunga m'mbali ndi kansalu kopeta ndi ulusi wofiira kamene amayiwo anasoka okha. Patsogolo pake anaika tambula ya mowa wa kwawo, pamwamba pake kagawo ka buledi. Madona anzawo anatumiza khadi ndi maluwa, koma palibe anabwera kudzakhala nawo pansi. Ine ndi amayi awiri a pamsika tinakhala nawo masiku atatu.

Tsiku lina m'mawa ndinawapeza akuwerenga masiku pa kalendala ndi chala.

"Kwathu," anatero, "pa tsiku la makumi anayi mzimu umanyamuka ulendo womaliza. Timaphika, anthu amadya, timamutchula dzina. Koma kuno ndani angadye?"

Ine ndinaika pansi mpeni. "A Nina, mukunena arubaini?"

Ndinawafotokozera kuti ife Asilamu timachitanso chimodzimodzi, tsiku lomwelo la makumi anayi, ndi mpunga, ndi sadaka. Anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka linapweteka. Bwana Piti anagula mbuzi, ndipo bambo anu anavomera kudzaizinga mwa Chisilamu kuti aliyense adye ndi mtima umodzi. Tikulemba maina a oitanidwa, a Nina anati, "Uyambe ndi mkazi wa tcheyamani wa chipani wa dera lino."

"Amayi amene aja? Pakamwa pawo sipatsekeka."

"Chifukwa chake n'chomwecho. Kwathu ukamasonkhanitsa anthu, woyamba kumuitana ndi amene angakakunenere. Umuike pafupi ndi nyama."

Tsikulo linagwa Lamulungu, kumayambiriro kwa Novembala, dzuwa likuswa mtengo. Anabwera anthu pafupifupi makumi asanu, a ku mapampu, asodzi, amayi a pa mzere wa mchere, Asilamu ndi Akhristu. Azungu anaitanidwanso koma anati ali ndi masewera a tenesi. Tinaphika mpunga wa nyama, mpunga wina wothira uchi ndi mphesa zouma, ndi zitumbuwa zopyapyala zija mulu waukulu. A Nina anatulutsa chithunzi chija pa khonde, naimirira, nayankhula ndi amayi awo m'chinenero cha kwawo kwa kanthawi. Kenako anapempha kuti tonse tiimirire, timwe chili chonse chili m'manja mwathu, osayankhula. Ife tinamwa tiyi, iwo ndi Bwana Piti anamwa zawo. Pambuyo pake kunali kudya ndi kuseka, ndipo a Nina anatisimbira mmene amayi awo anathamangitsira mkulu wa chipani cha kwawo ndi tsache atabwera kudzawerenga nkhuku zawo. Anthu anayang'anizana kaye, koma mkazi wa tcheyamani ataseka, tonse tinaseka.

Sabata yotsatira

Lachiwiri Bwana Chipewa anandiitana ku ofesi. Nkhope yake inali yotuwa ngati phulusa. Anali atayang'ana mu buku lake lina n'kupeza kuti Lamulungu lija linali tsiku lalikulu la chikondwerero cha boma la ku Rasha. Kwa iye zonse zinalumikizana pomwepo. Poopa kuti boma lingamve kwa wina n'kutseka pulojekiti, anali atathamangira yekha kupolisi. Patsogolo pake panali pepala lotayipa, ndipo kalaliki wake anandimasulira. Linkati pa tsiku la chikondwerero cha chikomyunizimu, mayi wa ku Rasha anasonkhanitsa antchito makumi asanu, anaika nsalu yofiira pa khonde, anayankhula m'Chirasha, ananyoza mkulu wa chipani, ndipo anthu onse anaimirira n'kumwa chakumwa cha lumbiro.

"Muli bodza m'menemu?" anandifunsa.

Ndinaganiza mzere uliwonse. Anthu analipo. Nsalu inali ndi zofiira. Chirasha chinayankhulidwa. Tinaimirira, tinamwa.

"Bwana, anali maliro."

"Maliro a munthu amene anafa mwezi ndi theka wapitawo? Asiyatu, iwe anthu amenewa sukuwadziwa. Ine ndawerenga mabuku ambiri onena za iwo. Usayine apa. Mayiyo achoka m'dziko muno pasanathe tsiku, iwe ubwerera kunyumba kwanga ngati khukhi wamkulu, ndipo anthu ako onse tinena kuti ananyengedwa. Ukakana, sindingathe kukuteteza. Lachinayi kukubwera wapolisi wochokera ku Lilongwe."

Ndinapempha kuti ndikaganize. Ana anga, musandiyese wolimba mtima. Hawa, iwe unali kumsana, Yusufu ndi Amina munali ana asukulu, ndipo ndinkadziwa anthu amene anatengedwa pa nkhani zochepa kuposa imeneyi. Kusayina kunali kosavuta, ndipo a Nina akanangokwera ndege kupita ku Holande, kumene palibe akanawamenya. M'mawa mwake ndinapita kwa bambo anu ku gombe, ndinawapeza akumata bwato ndi phula. Anamvetsera zonse osasiya ntchito.

"Ukasayina, iwo apita, ife titsala," anatero. "Ukakana, mwina tonse tipita."

"Ndiye nditani?"

"Pepalalo ndi lako. Ine changa ndikudziwa chimodzi. Mbuzi ija ndinazinga ndine, Bisimila ndinanena ndine. Ndinazingira maliro a mayi wa munthu. Akandifunsa Mulungu ndidzanena zomwezo, ndiye wapolisi sindingamuuze zina."

A Nina sanandipemphe kanthu. Ankadziwa zonse, chifukwa Bwana Piti anali atakangana kale ndi Bwana Chipewa mpaka kumenya tebulo. Anangondiuza kuti, "Uli ndi ana atatu. Ukasayina sindidzakuda. Kwathu anthu abwino ambiri anasayina." Mawu amenewo ndi amene anandipweteka kwambiri.

Lachinayi wapolisi anafika atavala suti, bambo wachikulire wonenepa, akupukuta thukuta ndi mpango. Tinakhala mu ofesi ya Bwana Chipewa, a Nina ndi mwamuna wawo ali pa benchi panja. Anawerenga pepala lija, nandiyang'ana.

"Mayi, bwanji simunasayine?"

"Bwana, mawu ali m'menemo ndi oona, koma nkhani yake ndi yabodza. Unali arubaini."

"Arubaini? Mzungu?"

"Kwawonso amachita, bwana. Tsiku la makumi anayi."

Anaitanitsa telegalamu ija, nayang'ana tsiku limene mayiyo anamwalira, nachotsa kalendala pakhoma. Anawerenga ndi chala, mokweza, ngati mwana wa Sitandade 1. Chala chinaima pa Lamulungu lija. Anawerenganso kachiwiri, chinaima pomwepo.

"Nsalu yofiira?"

"Kansalu ka pa chithunzi cha malemu, bwana. Kakang'ono ngati mpango wanuwo."

"Mkulu wa chipani amene ananyozedwa?"

"Wa kwawo, bwana, wa chikomyunizimu. Anathamangitsidwa ndi tsache pa nkhani ya nkhuku."

Wapolisiyo anatsokomola, naphimba pakamwa ndi mpango kwa nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa Bwana Chipewa. "Bwana, kwanu mayi akamwalira, mumachita chiyani pakapita masiku makumi anayi?"

"Palibe. Timakhala titabwerera ku ntchito."

"Ohoo," anatero wapolisiyo. Koma nkhope yake inalimbanso. "Komabe mayi, anthu makumi asanu sangasonkhane popanda chipani kudziwa. Mlandu umenewo ulipo. Ndikufuna maina a onse amene analipo."

"Ndiyambe ndi ndani, bwana?"

"Amene anakhala kutsogolo."

"Amayi a kunyumba kwa atcheyamani. Anakhala pafupi ndi nyama, ndipo zotsala anatenga m'beseni kukapatsa atcheyamani. Beseni lake silinabwerebe."

Cholembera chinaima m'mwamba. Anachiyang'ana, nachitseka, nachibweza m'thumba la jekete. Pepala la Bwana Chipewa analipinda kanayi n'kuliika m'thumba lomwelo. Potuluka anaima pa benchi, navula chipewa, nati kwa a Nina m'Chichewa, "Pepani ndi maliro, mayi." Anakwera galimoto yake, ndipo nkhaniyo sitinaimvenso.

Januwale 1977

A Nina anatsala, ndipo anakhala kuno zaka zina zitatu mpaka kontirakiti ya mwamuna wawo itatha. Amene anachoka ndine. Bwana Chipewa sakanatha kumandiona tsiku ndi tsiku. Sanandichotse ntchito, chifukwa monga ndanena sanali munthu woipa, koma analemba kalata yondisamutsira ku nyumba ya alendo ya pulojekiti ku Chipoka. Ankayesa chilango. Kumeneko ndinakaphikira anthu a sitima za pamtunda ndi za panyanja zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, bambo anu anapeza gombe labwino, ndipo nyumba imene ndikulemberamo ino tinamanga ndi ntchito imeneyo.

Tsiku losamuka, lole inabwera m'mawa mvula ikuwaza. Katundu atakwera, inu ana mutakhala kale pamwamba pa matumba, a Nina anafika ndi zitumbuwa zokulunga m'nsalu ndi kapepala kamene analembapo kaphikidwe kake. Ndikuti ndikwere, anandigwira mkono.

"Ayi. Kwathu munthu sanyamuka chonchi. Tiyambe takhala pansi."

"Tikhale tichite chiyani?"

"Palibe. Tingokhala, osayankhula, kuti ulendo ukhale wabwino."

Panali patatsala mtolo umodzi wa mphasa pansi. Tinakhala pamenepo awiriwiri, mapewa atagundana, mvula ikutinyowetsa. Dalaivala analiza hutala kawiri, bambo anu anamuuza kuti adikire. Sitinanene kanthu. Nditakweza maso ndinaona Bwana Chipewa ali pa khonde lake patsidya pa msewu, akutiyang'anitsitsa, atakwinya nkhope, akuyesetsa kuti amvetse chimene akazi awiri okhala chete pa mtolo wa mphasa akupangana. A Nina anamuonanso. Anandigunda ndi chigongono, ndipo mwambo wa chete unathera pomwepo, chifukwa tonse awiri tinaphulika kuseka. Ndinakwera lole ndikupukuta misozi, iwo atatsala pa msewu, duku litanyowa, akusekabe.